BERE LA MAYI SILILI PA MSIKA

Mawu owerenga: Eksodo 1:15 mpaka 2:10; Amosi 8:4-7; Yesaya 49:14-16



Mwezi wa Ogasiti umatibweretsera zikumbutso ziwiri zoyandikana. Kuyambira pa 1 mpaka pa 7 dziko lonse limakumbukira sabata yoyamwitsa ana. Pa 9 ife timakumbukira mayi Mary Sumner, amene anayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union m'chaka cha 1876 pa mudzi wa Old Alresford ku England. Mwa zolinga zimene tinalonjeza tsiku lovala yunifolomu muli chakuti tidzalimbikitsa zinthu zokhazikitsa mabanja ndi kuteteza ana. Lero tikambirane za chitetezo choyamba chimene mwana amalandira, ndicho mkaka wa m'mawere, ndi momwe malonda a pakati pa mayiko akuchigwedezera.

AMAYI ASANU NDI MWANA MMODZI

Buku la Eksodo likutionetsa dziko la Ejipito pa nthawi imene chuma chake chinali pachimake. Farao ankamanga mizinda yosungiramo chuma ndi thukuta la Aisraeli. Kwa iye anthuwo anali manja oumba njerwa basi. Ataona kuti akuchulukana, analamula kuti ana aamuna aziphedwa. Umu ndi momwe zimakhalira chuma chikakhala patsogolo: moyo wa khanda umatsika mtengo.

Mulungu sanatume asilikali kuti akapulumutse Mose. Anagwiritsa ntchito amayi asanu. Anamwino awiri, Sifra ndi Puwa, anakana lamulo la mfumu chifukwa ankaopa Mulungu. Mayi wa mwanayo anamubisa miyezi itatu, kenaka n'kumuika m'kadengu m'mphepete mwa mtsinje. Mlongo wake anaima chapatali kulondera. Mwana wamkazi wa Farao anamva chisoni atamva kulira kwa khandalo.

Taonani chimene chinachitika pamenepo. Kunyumba yachifumu kunali golide, nkhokwe zodzaza ndi antchito osawerengeka, koma chakudya chimene khandalo linkalirira chinali pachifuwa cha mayi. Mtsikana uja anathamanga kukaitana mayi wake, ndipo mwana wa mfumu anam'patsa mwanayo kuti akamuyamwitse, nalonjeza kumulipira. Choncho mtsogoleri amene anadzatulutsa mtundu wonse mu ukapolo anakulira pa bere la mkazi wa kapolo. Tionenso kuti ngakhale nyumba ya Farao inavomereza kuti kuyamwitsa ndi ntchito, yofuna nthawi ndi mphamvu, yoyenera kuiwerengera.

MPHATSO IMENE TINAPATSIDWA

Zimene agogo athu ankadziwa, madokotala azitsimikizira. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, uli ngati katemera woyamba wa mwana. Mwana aikidwe ku bere ola loyamba lisanathe chibadwire. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ayamwe mwakathithi, osam'patsa madzi, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba, chifukwa mkakawo uli kale ndi madzi okwanira ngakhale m'dzuwa la Okutobala la kuchigwa cha Phalombe. Ikatha miyeziyo ayambe phala ndi zakudya za magulu asanu ndi limodzi, koma apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira.

M'chaka cha 2016 magazini ya madokotala ya The Lancet inawerengera kuti pafupifupi ana onse atamayamwa moyenera, ana aang'ono 823,000 akhoza kupulumuka ku imfa chaka chilichonse, ndipo amayi 20,000 akhoza kupewa imfa ya khansa ya m'mawere.

Kuno kwathu tinayenda ulendo wabwino. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti mu 2000, mwa ana 100 alionse osakwana miyezi isanu ndi umodzi, 44 ankayamwa mwakathithi. Mu 2004 anafika 53, ndipo mu 2010 anakwana 71. Koma pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 61. Chimene tinachigwira chikhoza kupulumuka m'manja ngati tigona.

MSEWU WA NANDOLO NDI WOMWEWO WA CHITINI

Ena anganene kuti nkhani ya malonda a mayiko ndi ya anthu ophunzira a ku Lilongwe ndi Blantyre, ife a ku Migowi, Chiringa kapena Nkhulambe sitikukhudzidwa. Amayi, kumbukirani nandolo. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linaika malire a nandolo wolowa m'dziko mwawo. Chiganizo chomangidwa ku New Delhi chinagwetsa mitengo m'misika yathu, ndipo mabanja amene ankayembekezera kulipira fizi ndi kugula feteleza anatsala manja ali m'khosi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo nthawi yomweyo. Dziko lasanduka msika umodzi, ndipo ife tili m'kati mwake, tifune tisafune.

Sitikunena kuti malonda ndi tchimo. Katemera wa ana athu, mankhwala otalikitsa moyo, masikito ndi njinga zathu zimabwera kudzera m'malonda. Koma msewu umene umatulutsa nandolo ndi womwewo umene umalowetsa zitini za mkaka wa ana. Mu 2023 magazini ya The Lancet inanena kuti malonda a mkaka umenewu afika pa madola a ku America pafupifupi 55 biliyoni pa chaka. Tsono taganizani: mayi amene akuyamwitsa sagula kanthu. Kuti malondawo akule, payenera kupezeka amayi ambiri okayikira mkaka wawo. Apa ndi pamene pagona nkhondo.

Nkhondoyi si yalero. Mu 1939 dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, analankhula ku Singapore kudzudzula otsatsa mkaka wa m'chitini chifukwa cha makanda amene ankamwalira m'manja mwake. Mu 1974 bungwe la War on Want la ku Britain linafalitsa lipoti loonetsa momwe kusatsa mkakawu kumapweteketsera ana m'mayiko osauka, kumene ena ogulitsa ankavala ngati anamwino. Mu 1976 masisitere a Chikatolika a chipani cha Precious Blood ku America anasumira kampani ya Bristol-Myers pa nkhani yomweyi. Mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa kampani ya Nestlé. Mu 1991 Sinodi yaikulu ya mpingo wathu ku England inagwirizana nako kunyanyalako pa khofi wa Nescafé. Patapita zaka zochepa sinodiyo inaimika ganizolo n'kufuna umboni, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 1997 anapeza kuti malamulo osatsira mkaka ankaphwanyidwabe ku Bangladesh, Poland, South Africa ndi Thailand. Choncho ife Akhristu si alendo pa nkhaniyi.

SIKELO ZA AMOSI

Mneneri Amosi anakhala m'nthawi imene malonda ankayenda bwino mu Israeli. Iye sanadzudzule kugula ndi kugulitsa. Anadzudzula amalonda amene ankaona Sabata ngati chowachedwetsa, ochepetsa muyeso, okweza mtengo, onyenga ndi sikelo, ogulitsa ndi mungu womwe wa tirigu kwa anthu osauka. Ndipo anati Mulungu saiwala ntchito zotere. Ife a ku Phalombe sikelo yonyenga timaidziwa bwino nthawi yogulitsa zokolola. Koma ilipo sikelo ina yonyenga yosaoneka ndi maso: chithunzi cha mwana wonenepa pa chitini, mawu akuti mkakawu umapatsa nzeru kapena umagonetsa mwana, mphatso kwa ogwira ntchito zachipatala, ndi kachitini kaulere kopatsa mayi wongobereka kumene.

Kachitini kauleleko ndi msampha, ndipo umagwira motere. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Mwana akakhuta za m'botolo amayamwa pang'ono, mkaka wa mayi n'kuyamba kuchepa. Chitini chikatha, mayi amaona kuti mkaka wake ndi wosakwanira, ndipo amakakamizika kugula. Mwana wodalira chitini amafuna mkaka wa ufa wokwana makilogalamu 20 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndiye kuti zitini 40 za theka la kilogalamu. Ndi mabanja angati pakati pathu amene angakwanitse? Ndalama zikachepa mayi amasungunula mkakawo ndi madzi ambiri kuti ukhalitse, mwana n'kuyamba kunyentchera. Madzi akakhala osawiritsa kapena botolo losatsuka bwino, kutsegula m'mimba kumalowa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofuna kuletsa zimenezi, mu Meyi 1981 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO unakhazikitsa malamulo oyendetsera malonda a zakudya zolowa m'malo mwa mkaka wa m'mawere. Mayiko 118 anavomereza, dziko limodzi lokha la United States ndilo linakana. Malamulowa saletsa kugulitsa mkaka. Amaletsa kuutsatsa kwa anthu, kugawa waulere kwa amayi, kuukopera anthu m'zipatala, kupereka mphatso kwa azaumoyo, ndi kuika zithunzi za makanda pa chitini. Amafunanso kuti chitini chinene poyera kuti mkaka wa m'mawere ndiwo woposa, ndiponso kuti malangizo alembedwe m'chiyankhulo choyenera anthu a m'dzikomo.

Koma malamulowa amagwira ntchito pokhapokha dziko lililonse litawasandutsa lamulo lake, ndipo apa ndi pamene malonda a mayiko amalowererapo. Dziko la Guatemala linakhazikitsa lamulo lake mu 1983. Kampani ya Gerber ya ku America inakana kuchotsa chithunzi cha khanda pa katundu wake, ikunena kuti ndi chizindikiro chake cha malonda. M'zaka za m'ma 1990 Guatemala inaopsezedwa kuti ikuphwanya mapangano a zamalonda, ndipo pamapeto pake katundu wochokera kunja anamasulidwa ku lamulolo. Mu 2018, pa msonkhano wa WHO ku Geneva, dziko la Ecuador linkafuna kupereka mfundo zolimbikitsa kuyamwitsa, koma manyuzipepala analemba kuti linabwerera m'mbuyo litaopsezedwa ndi nthumwi za United States pa nkhani za malonda ndi chithandizo. Mfundozo zinadutsabe dziko la Russia litazipereka. Malawi ndi membala wa bungwe la zamalonda la WTO kuyambira 1995, komanso ali m'mapangano a COMESA ndi SADC ochepetsa misonkho ya katundu. Dziko losauka lodalira chithandizo limavutika kukana zofuna za amphamvu, pokhapokha anthu ake ali maso.

Kukhala maso kumathandiza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la Baby Milk Action la ku Britain linadandaula kuti zitini za mkaka wa Nestlé zogulitsidwa kuno ku Malawi zinalibe malangizo m'Chichewa. Nkhaniyi itaulutsidwa pa wailesi yakanema ku Britain, kampaniyo inavomera kulemba malangizo m'chiyankhulo chathu. Mu 2004 boma lathu linakhazikitsa malamulo ake oyendetsera malonda a zakudya za makanda ndi ana aang'ono, pansi pa lamulo la zaumoyo wa anthu. Lamulo tili nalo. Chofunika ndi anthu olidziwa, chifukwa otsatsa malonda masiku ano sadikiranso chikwangwani cha pamsewu. Amalowa pa foni ya mwana wathu wamkazi kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, akudzionetsa ngati alangizi achifundo.

PA NTHAWI YA NAPOLO NDI NAMONDWE

Ife okhala m'tsinde mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje tikudziwa zoopsa za madzi. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991 amene anapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba, milatho ndi minda, anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo anafika dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Mabanja anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, mijigo ndi zimbudzi zitawonongeka.

Pa nthawi ngati imeneyi anthu a mtima wabwino amatumiza thandizo, ndipo ena amaganiza kuti mphatso yabwino kwa khanda ndi chitini cha mkaka. Koma pa msasa pamene palibe madzi abwino, nkhuni ndi sopo, botolo limasanduka chotengera matenda. N'chifukwa chake mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mkaka wa m'chitini usagawidwe mwachisawawa pa nthawi ya ngozi, koma uperekedwe ndi azaumoyo kwa ana okhawo amene alibe njira ina. Mayi akachita mantha kapena akagona ndi njala, mkaka ungaoneke ngati wachedwa kutuluka, koma suuma. Chofunika ndi kumudyetsa mayiyo, kumupatsa madzi abwino ndi malo abata, ndi kumulimbikitsa kuti aike mwana ku bere pafupipafupi. Dyetsani mayi, mayiyo adyetse mwana.

Tikumbukirenso kuti chitini chimachokera kutali, ndipo sitiona kumene chapangidwira. Mu 2008 ku China mkaka wa ana unasakanizidwa ndi mankhwala otchedwa melamine. Ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira. Kumapeto kwa 2017 kampani ya Lactalis ya ku France inayamba kubweza mkaka wa ana umene unakhudzidwa ndi tizilombo ta salmonella, ndipo kubwezako kunafika ku mayiko oposa 80. Mu 2022 ngakhale ku United States makolo anasowa mkaka m'masitolo fakitale imodzi yaikulu itatsekedwa. Mkaka wa m'mawere sudikira sitima ya pamadzi kapena mlatho womangidwa, ndipo sukwera mtengo kwacha ikagwa.

TISAWERUZE MAYI, TIMUSENZETSE MOPEPUKA

Amayi ambiri amene amasiya kuyamwitsa msanga sachita dala. Wina amalawirira kuganyu, wina amathyola tiyi m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo, tiyi amene amakamwedwa kunja. Wina amakwera njinga kukaoda katundu kumalire a Mozambique. Wina wapita ku Joni kukasaka ntchito, khanda n'kulisiya m'manja mwa agogo. Izinso ndi zipatso za msika wa dziko lonse. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Pangano la bungwe la ILO la chaka chomwecho limanena masabata osachepera 14. Koma amayi ambiri a kumudzi sali pa ntchito yolembedwa, ndipo tchuthi chawo chili m'manja mwa amuna awo, apongozi awo ndi ife anzawo. Hana, mayi wa Samueli, sanapite ku Silo kukapembedza kufikira mwana ataleka kuyamwa, ndipo mwamuna wake Elikana anamuvomereza. Abambo a masiku ano aphunzirepo.

Za kachilombo ka HIV tinene momveka. Kale amayi ambiri ankaopa kuyamwitsa. Kuyambira mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, kwa moyo wake wonse, ndipo mayiko ena anatengera chitsanzo chathu. Mayi amene akumwa mankhwala mokhulupirika amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi ndi kupitiriza monga a chipatala amuuzira. Tisamuloze chala. Timukumbutse mankhwala ndi tsiku la sikelo.

Aliponso ana amene mayi awo anamwalira pobereka kapena akudwala kwambiri. Kwa ana otere mkaka wa m'chitini ukhoza kupulumutsa moyo, ndipo sitiutcha chinthu chodetsedwa. Wolera mwana wotere apite naye kuchipatala kuti alangizidwe. Madzi awiritsidwe ndipo mkakawo usungunulidwe madzi akadali otentha ndithu, muyeso utsatidwe monga walembedwera, wotsala utayidwe, ndipo kapu ndi yabwino kuposa botolo chifukwa siivuta kutsuka. Mkaka wa ufa wothira mu tiyi, kapena wotsekemera wa kondensi, si chakudya cha khanda. Banja lotere lisasiyidwe lokha, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

TSONO TICHITE CHIYANI?

Mlongo wake wa Mose analibe mphamvu yosintha lamulo la Farao, koma anaima pamalo oyenera, anayang'anitsitsa, ndipo analankhula pa nthawi yake. Ifenso tingachite chimodzimodzi.

Choyamba, nthambi iliyonse ipatule tsiku limodzi la msonkhano m'mwezi uno, iitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti atiphunzitse kagwiridwe ka mwana ku bere ndi kafinyidwe ka mkaka wosiyira mwana mayi akachoka.

Chachiwiri, mayi akabereka m'dera lathu, wa mpingo wathu kapena ayi, tigawane masiku omutungira madzi, kumutolera nkhuni ndi kumulimira. Pokamuona titenge ufa, nyemba, nsinjiro, matemba ndi sopo. Tisatenge botolo kapena chitini.

Chachitatu, ife agogo ndi apongozi tisakhale oyamba kunena kuti mwana akulira chifukwa mkaka wa mayi ake ndi wochepa. Mawu athu amalemera kwambiri m'makutu a mtsikana wobereka koyamba.

Chachinayi, tikaona mkaka wa makanda ukutsatsidwa, ukugawidwa mwaulere, kapena ukugulitsidwa wopanda malangizo omveka ngakhalenso utapitirira masiku ake, tidziwitse alangizi a zaumoyo kapena ofesi ya zaumoyo ya boma lathu.

Chachisanu, mpingo ukalandira katundu wa chithandizo pa nthawi ya ngozi, tipemphe abambo ansembe ndi akuluakulu a mpingo kuti mkaka wa makanda uperekedwe kwa azaumoyo, usagawidwe pa mzere.

Chachisanu ndi chimodzi, aphungu ndi makhansala akabwera pa zochitika zathu, tiwafunse zimene akuchita kuti malamulo a 2004 azitsatidwa, ndi kuti pokambirana mapangano a zamalonda moyo wa ana uziikidwa patsogolo.

Pamene anthu a ku Ziyoni ankadandaula kuti Mulungu wawaiwala, Iye pofuna kuwatsimikizira chikondi chake anatenga chitsanzo cha mayi ndi mwana wake woyamwa, nanena kuti chikondi chake chimaposa ngakhale chimenecho. Ambuye wathu Yesu mwini anabadwa khanda losowa chakudya, ndipo anayamwa bere la Maria Woyera. Chinthu chimene Mulungu anachilemekeza chotere, ife tisalole kuti chinyozedwe chifukwa cha phindu la munthu.

PEMPHERO

Mulungu Atate, Inu amene mumadyetsa zolengedwa zonse, tikukuthokozani chifukwa cha chakudya chimene munakonzera makanda. Limbikitsani amayi onse oyamwitsa, makamaka odwala, osauka ndi amene nyumba zawo zinakokoloka. Kumbukirani ana amasiye ndi onse owalera. Patsani amalonda mtima woona, ndi atsogoleri athu kulimba mtima pamaso pa amphamvu. Tipatseni ife maso a mlongo wa Mose ndi mantha oyera a Sifra ndi Puwa, kuti pasatayike mwana ndi mmodzi yemwe chifukwa cha kukhala chete kwathu. Tapempha izi mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.